Lisbon: Doko Limene Linatumiza Mtanda ndi Goli

Sabata ino tipatuke pang'ono pa mawerengo a Lamulungu, tilingalire za mzinda wina wakutali umene mbiri yake inalukana ndi mbiri ya Mpingo kuno kwathu. Mzindawu ndi Lisbon, likulu la dziko la Portugal. Unamangidwa pa zitunda m'mbali mwa mtsinje wa Tejo, pamalo pamene mtsinjewo umatambasuka usanakathire m'nyanja yamchere ya Atlantic. Kwa zaka zambiri amishonale opita ku Mozambique, ku Zambezi ndi ku India ankanyamukira pa doko limeneli, m'zombo za mfumu ya Apwitikizi ndiponso mwa chilolezo chake. Pa doko lomwelo pankatsitsidwanso anthu a ku Africa, omangidwa m'zingwe, odzagulitsidwa ngati ziweto. Mtanda ndi goli zinadzera khomo limodzi, ndipo Mkatolika wa ku Malawi ayenera kudziwa kuti zimenezi zinatheka bwanji ndi kuti zinabala chiyani.

Mu Ogasiti 2023 mzindawu unalandira msonkhano wa Tsiku la Achinyamata pa Dziko Lonse, kuyambira pa 1 mpaka pa 6 mwezi umenewo, motsogoleredwa ndi malemu Papa Francis. Ena mwa ife tinali nawo pa ulendo wa masabata atatu umenewo. Tsiku lina titapeza mpata, tinatengana kagulu ka abwenzi kukaona mzinda wakale, kuyambira ku gombe mpaka ku zitunda. Tiyenda nanu m'njira yomweyo, chifukwa malo alionse amene tinaimapo ali ndi chigawo chake cha nkhaniyi. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mzinda wakale nawonso suulula zake kwa munthu wongofuna kujambulitsa n'kumapita.

Belém, kumene zombo zinkadalitsidwa

Tinayambira ku Belém, dzina limene m'Chipwitikizi litanthauza Betelehemu, makilomita pafupifupi 6 kumadzulo kwa pakati pa mzinda. Kale pamalopa panali katchalitchi ka amalinyero kamene anamangitsa Henrique, mwana wa mfumu, uja mabuku a kusukulu amamutcha Henry the Navigator. M'katchalitchimo ndimo Vasco da Gama ndi anthu ake anachezera usiku m'mapemphero, asananyamuke pa 8 Julayi 1497 ndi zombo zinayi ndi amuna pafupifupi 170. Atazungulira kumwera kwa Africa, anaima pafupi ndi Quelimane kumayambiriro kwa 1498, nafika pa chilumba cha Mozambique mu Malichi, ndipo mu Meyi anakocheza ku Calicut, ku India. Oposa theka la amunawo sanabwererenso kwawo. Ambiri anafa ndi nthenda yotupitsa nkhama, imene imadza munthu akakhala miyezi yambiri osadya zipatso ndi ndiwo zamasamba.

Njira ya ku India itatseguka, Mfumu Manuel I inayamba mu 1501 kumanga pamalopo nyumba yaikulu ya amonke yotchedwa Jerónimos, ndipo ntchitoyo inatenga zaka pafupifupi 100. Amonkewo anapatsidwa udindo wopempherera mfumu ndi wosamalira mizimu ya amalinyero asanalowe m'nyanja. Kukongola kwa nyumbayi n'kovuta kusimba. Miyala yake inasemedwa ngati zingwe za zombo, masamba ndi zigoba za m'nyanja, ndipo mizati yake yoonda imanyamula denga ngati migwalangwa. Pafupi ndi khomo pali manda a Vasco da Gama, amene mafupa ake anasamutsidwira kumeneko mu 1880. Tonse tinangoti kukamwa yasa.

Mnzathu wina, amene kwawo amagwira ntchito yowerengera ndalama, ndiye anafunsa funso loyenera: kodi ndalama zomangira zonsezi zinachokera kuti? Mbali yaikulu inachokera ku msonkho wa magawo 5 pa 100 alionse a malonda a ku Africa ndi a kum'mawa. Nyumba ya mapemphero inakula pamodzi ndi malonda a mfumu. Mgwirizano wa Mpingo ndi mfumu unali ndi dzina lake, padroado. Apapa anapatsa mafumu a Portugal udindo womanga matchalitchi ndi wolipira amishonale m'maiko onse amene zombo zawo zifikako, ndipo mafumuwo analandira mphamvu yosankha maepiskopi ndi yolola kapena kukaniza ansembe opita kumeneko. Mpingo unapeza mayendedwe aulere, koma wokwera chombo cha mwini amavutika kudzudzula mwini chombo.

Chipilala cha anthu 33

Kutsidya kwa msewu, m'mphepete mwenimweni mwa madzi, kuli chipilala chotalika mamita oposa 50, chooneka ngati mutu wa chombo, chotchedwa Padrão dos Descobrimentos. Ambiri amachiyesa chakalekale, koma chinamangidwa mu 1960 pokumbukira zaka 500 chimwalirire Henrique. Inali nthawi ya ulamuliro wopondereza wa António Salazar, chaka chimene maiko 17 a mu Africa analandira ufulu pamene Portugal inkakanitsitsa kusiya Mozambique ndi Angola. Pa chipilalacho anasemapo anthu 33: a banja lachifumu, amalinyero, ojambula mapu, olemba ndi amishonale. Patsinde pake pali mapu aakulu a dziko lonse oyalidwa ndi miyala yosalala, mphatso yochokera ku boma latsankho la South Africa m'chaka chomwecho. Tinawerama kufunafuna kwathu pa mapuwo, ndipo tinapeza zaka zolembedwa m'mbali mwa gombe la Africa, zosonyeza nthawi imene Apwitikizi amati anatulukira malo amene anthu anali atakhalamo kale zaka zikwi. Mwa anthu 33 aja palibe ndi mmodzi yemwe wa ku Africa. Palibenso katswiri uja amene da Gama anamupeza ku Malindi, amene anamuwolotsa nyanja kukafika ku India.

Patsogolo pa onse paima Henrique, atanyamula kachombo m'manja. Chimene chipilala sichinena ndi ichi. Pa 8 Ogasiti 1444, ku Lagos, doko la kumwera kwa Portugal komweko, anthu 235 ogwidwa ku gombe la kumadzulo kwa Africa anagawidwa pabwalo m'magulu asanu. Mlembi wa mfumu, Gomes Eanes de Zurara, anasimba za amayi amene ankakumbatira ana awo n'kudzigwetsa pansi kuti asawalekanitse, ndipo anavomera kuti nkhaniyo inamugwetsa misozi. Henrique anali pomwepo pa kavalo, nalandira gawo lake, anthu 46. Mlembiyo anadzitonthoza ndi maganizo akuti ogwidwawo adzabatizidwa. Apa ndi pamene panagona bodza limene linakhala zaka mazana anayi, lakuti munthu angathe kuba thupi la mnzake pofuna kupulumutsa mzimu wake.

Chowawa kwa ife Akatolika n'chakuti bodzali linapeza chidindo ku Roma. Mu 1452 ndi 1455 Papa Nicholas V analemba makalata awiri, Dum Diversas ndi Romanus Pontifex, olola mfumu ya Portugal kugonjetsa Asilamu ndi anthu osabatizidwa ndi kuwaika mu ukapolo wosatha. Mawu ena anadza pambuyo pake. Mu 1537 Papa Paul III analetsa kulanda ufulu ndi katundu wa eni nthaka a ku America ndi wa mitundu ina yonse, ngakhale isanalandire chikhulupiriro. Mu 1839 Papa Gregory XVI anatsutsa poyera malonda a akapolo a ku Africa. Koma m'zaka zonsezi zombo sizinaleke kuyenda. Mwa anthu pafupifupi 12.5 miliyoni amene anakwezedwa m'zombo kuti awoloke Atlantic, pafupifupi theka ananyamulidwa ndi zombo za Apwitikizi ndi za ku Brazil.

Tisaganize kuti izi zinkachitika kumadzulo kwa Africa kokha. Mu 1794 chombo chotchedwa São José chinanyamuka ku Lisbon, nichikatenga anthu pafupifupi 500 ku Mozambique kuti chikawagulitse ku Brazil. Pa 27 Disembala chinasweka pa miyala pafupi ndi Cape Town. Oposa 200 anamira, ndipo opulumuka anagulitsidwa komweko. Zotsala za chombocho zinazindikiridwa ndi kulengezedwa mu 2015. M'zaka za m'ma 1800 doko la Quelimane linameza anthu ambiri a m'chigwa cha Zambezi ndi cha Shire, ndipo pakati pawo panali Amang'anja. Amenewa ndi makolo athu.

Pafupi ndi nyumba ya amonke ndi chipilalacho pali bwalo lalikulu la maluwa. Sabata ya achinyamata ija, pabwalopo panaimikidwa tinyumba tolapiramo 150, topangidwa ndi akaidi a m'ndende za ku Portugal, ndipo pa 4 Ogasiti Papa Francis mwini wake analapitsa achinyamata atatu pamenepo. Malowo anali oyenera, pakuti Mpingo umene umatiphunzitsa kutchula machimo athu mosabisa nawonso unachita chimodzimodzi. Mu Febuluwale 1992, pa chilumba cha Gorée ku Senegal, Papa John Paul II anapempha chikhululukiro chifukwa cha akhristu amene anachita nawo malonda a akapolo. Pa 30 Malichi 2023 Vatican inalengeza kuti makalata aja a m'zaka za m'ma 1400 sanalemekeze mokwanira ulemu ndi ufulu wa eni nthaka, ndi kuti sali mbali ya chiphunzitso cha Katolika. Choncho wina akakuputani ndi mbiri imeneyi kusukulu kapena pa intaneti, musakane ndiponso musapse mtima. Vomerani zimene zinachitika, munenenso zimene Mpingo unachita polapa.

Kamsewu ka dzenje

Kuchokera ku Belém tinabwerera pa sitima mpaka ku Cais do Sodré, n'kukwera chitunda kukafika m'kamsewu kopapatiza kotchedwa Rua do Poço dos Negros, kutanthauza msewu wa chitsime cha anthu akuda. Kuyambira mu 1486 mfumu inali ndi ofesi yake ku Lisbon yolembera akapolo otsika m'zombo ndi kuwadulira msonkho. Kalembera wa mu 1551 anapeza akapolo 9,950 mumzinda wa anthu pafupifupi 100,000, ndiye kuti munthu mmodzi mwa khumi aliwonse. Iwo ndiwo ankatsitsa katundu padoko, kutunga madzi, kuchapa, ndi kusenza zonyansa za m'nyumba kukataya kumtsinje. Akamwalira, ambiri ankangoponyedwa kudzala, kumene agalu ankawafukula. Mu 1515 Mfumu Manuel, yomwe ija inkamanga Jerónimos, inalamula kuti pakumbidwe dzenje lakuya lotayamo mitemboyo ndi kumathiramo laimu kuti fungo lisavute mzinda. Olemba mbiri ambiri amati dzina la kamsewuka linachokera pamenepo.

Tinaima kanthawi osalankhula. Kwathu maliro ndi chinthu cha mudzi wonse; ngakhale mlendo wofera panjira amasambitsidwa, amaimbiridwa ndi kuperekezedwa. Mmodzi wa alongo athu anatulutsa korona, ndipo tinapemphera chigawo chimodzi pambali pa msewu. Mu 2017 nzika za mzindawu zinavota kuti pamangidwe chipilala chokumbukira akapolo m'mbali mwa mtsinje, koma pamene tinali kumeneko mu 2023 chinali chisanamangidwe.

São Roque: amishonale awiri ndi gulu la nkhondo

Pamwamba pa chitunda pali tchalitchi cha São Roque, chimene chinaperekedwa kwa Ajezuiti mu 1553. Apa tinakumbukira kuti m'zombo zija munkayendanso anthu oyera mtima enieni. Francisco Xavier Woyera ananyamuka ku Lisbon pa 7 Epulo 1541, tsiku limene anakwanitsa zaka 35. Akuluakulu a mfumu atafuna kumupatsa wantchito woyenera ulemu wake, iye anakana, nasankha kudzichapira ndi kudziphikira. Chombo chake chinaima pa chilumba cha Mozambique miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi kudikira mphepo, ndipo nthawi yonseyo anakhala m'chipatala kusamalira odwala ndi ovutika kufa, mpaka naye anadwala. Anafika ku Goa pa 6 Meyi 1542.

Mkulu wa nyumba ya Ajezuiti ya São Roque m'zaka zake zoyamba anali Bambo Gonçalo da Silveira, mwana wa banja lolemera. Atatumikira ku India, anafika ku Mozambique mu 1560, nakwera ndi mtsinje wa Zambezi kudzera ku Sena ndi ku Tete, mpaka anakafika ku likulu la Mwene Mutapa, m'dziko limene lero ndi Zimbabwe, cha pa Khirisimasi. Mfumu itamupatsa golide, ng'ombe ndi antchito, iye anabweza zonse, ndipo anthu anadabwa kuona mzungu wosafuna golide. Patapita masabata owerengeka anabatiza mfumuyo, amayi ake ndi nduna zambiri. Koma amalonda achisilamu ndi ena a pabwalo anachenjeza mfumu kuti mlendoyo ndi kazitape wa Apwitikizi, wodzakonzera njira ankhondo. Usiku wa pa 15 Malichi 1561 anamupotola khosi ndi chingwe, nataya mtembo wake mu mtsinje wa Musengezi.

Silveira sanali kazitape. Komabe zimene adani ake ananena zinadzachitika. Mu 1569 Mfumu Sebastião inatumiza Francisco Barreto kuchokera ku Lisbon ndi asilikali pafupifupi 1,000. Chifukwa chimodzi chimene chinaperekedwa chinali kulipsira imfa ya wansembeyo, koma chimene maso anali nacho ndi migodi ya golide. Atafika ku Sena, akavalo awo anayamba kufa ndi kashembe. Iwo anaimba mlandu Asilamu a kumeneko kuti athira chiphe, nawapha mwankhanza. Malungo anamaliza ambiri a asilikaliwo, ndipo Barreto anafera ku Sena mu 1573. Magazi a munthu amene anakana golide anasanduka chiphaso chofunira golide.

M'zaka zotsatira Ajezuiti ndi ansembe a chipani cha Dominiko Woyera anakhazikika ku Sena, ku Tete ndi malo ena m'mbali mwa Zambezi, pa khomo penipeni pa ufumu wa Amaravi. Apwitikizi ankadziwana ndi makolo athu. Mu 1616 Gaspar Bocarro anayenda kuchoka ku Tete kupita ku Kilwa, nadzera kwa mfumu Muzura. Koma mishoni zambiri zinkadalira minda ikuluikulu yotchedwa prazo, yolimidwa ndi akapolo, monganso zinalili kwa amalonda. Kwa zaka 200 Mthenga Wabwino unakhala pafupi chonchi ndi dziko lathu osazika mizu pakati pa Amaravi.

Carmo, tchalitchi chopanda denga

Pamtunda waufupi kuchoka ku São Roque pali mabwinja a tchalitchi cha Carmo. Zipupa ndi mizati zilipo, koma ukayang'ana kumwamba umangoona thambo. Pa 1 Novembala 1755, pa chikondwerero cha Oyera Onse, cha m'ma 9:40 m'mawa matchalitchi atadzaza, chivomezi chachikulu chinagwedeza Lisbon. Opulumuka anathawira kugombe kumene kunalibe nyumba zowagwera, koma pasanathe ola mafunde aakulu anakwera ndi mtsinje nawakokolola. Makandulo a m'matchalitchi ndi moto wa m'makhitchini zinayatsa mzinda, ndipo unayaka masiku angapo. Anthu zikwi makumi angapo anafa.

Mjezuiti wina, Gabriel Malagrida, analalika ndi kulemba kuti ngoziyo inali chilango cha Mulungu. Koma Ambuye athu anayankha kale funso limeneli pa Luka 13, pamene anakana kuti anthu 18 ophedwa ndi nsanja ya ku Siloamu anali ochimwa koposa anzawo. Ife amene tinali titangoika m'manda abale athu otengedwa ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 tinaumva bwino kulemera kwake kwa mawu amenewa. Nduna yaikulu ya mfumu, Sebastião José de Carvalho e Melo, amene pambuyo pake anatchedwa Marquês de Pombal, anatumiza mafunso ku maparishi a m'dziko lonse: chivomezi chinatenga nthawi yaitali bwanji, nyanja inachita chiyani, zitsime zinasintha bwanji. Mayankho a abambo mfumu amenewo akuthandizabe akatswiri a zivomezi. Mzinda unamangidwanso ndi misewu yowongoka ndi nyumba za mafupa a matabwa m'kati mwa zipupa, zotha kugwedezeka osagwa.

Koma Pombal yemweyo ankadana ndi Ajezuiti, ndipo mu 1759 anawathamangitsa ku Portugal ndi ku maiko onse olamulidwa ndi Apwitikizi. A ku Sena ndi ku Tete anagwidwa n'kukwezedwa m'zombo. Malagrida anaphedwa pabwalo la Rossio mu 1761. Mu 1834 boma lina linatseka nyumba za zipani zonse za amuna. Ngakhale timakeke tamazira totchuka timene tinadya ku Belém m'mawa uja ndi mboni ya zimenezi, pakuti kaphikidwe kake kanachokera kwa amonke a Jerónimos atatsekeredwa nyumba yawo, ndipo sitolo yake inatsegulidwa mu 1837. Ku Zambezi mishoni zinasanduka mabwinja. David Livingstone atafika ku Zumbo mu Januwale 1856 anapeza zipupa za tchalitchi ndi belu losweka lili pansi. Dzanja la mfumu limene linabweretsa ansembe ndi lomwelo linawachotsa, ndipo panalibe akhristu eni nthaka okonzekera kupitiriza.

Phunziro lomweli linabwerezedwa m'dziko lathu. Pa 28 Disembala 1889 amishonale a chipani cha White Fathers, motsogoleredwa ndi Bambo Adolphe Lechaptois, anafika kwa Mponda, ku Mangochi. Anadza mwa mgwirizano wa Kadinala Lavigerie ndi boma la Portugal, limene linkafuna kuti mishoniyo ilimbitse mawu ake akuti dera la kumwera kwa nyanja ndi lake. Patangopita masabata awiri, pa 11 Januwale 1890, Angerezi analamula Apwitikizi kuti achoke m'dera la Shire, ndipo iwo anagonja. Amishonale aja anatsala opanda pogwira. Anayesetsa ndi sukulu ndi mankhwala, koma mu Juni 1891 anachoka.

São Domingos: korona ya akapolo

Dzuwa litapendeka tinatsika chitunda kukafika ku tchalitchi cha São Domingos, pafupi ndi bwalo la Rossio. Tchalitchichi chinapsa mu 1959, ndipo pochikonza anasiya dala mizati ili yong'aluka ndi yakuda ndi utsi. Pabwalo la kutsogolo kwake tinapeza abale a ku Africa, makamaka a ku Guinea-Bissau, akucheza ndi kugulitsa timalonda tawo. Anthu akuda akhala akukumana pamalopa zaka zoposa 500.

Chifukwa chake n'chakuti m'tchalitchi chimenechi munali bungwe la Amayi Maria a Korona la anthu akuda, akapolo ndi omasulidwa, limene malamulo ake anavomerezedwa mu 1565 litakhalapo kale zaka zambiri. Anthu amenewa anabatizidwa asanafunsidwe, kawirikawiri osaphunzira ndi katekisimu yemwe. Koma anatenga chikhulupirirocho n'kuchiyesa chawo. Ankasankha okha atsogoleri awo, kusonkha ndalama, kuyendera odwala, ndi kuika maliro a anzawo mwaulemu, kuti mnzawo asathere m'dzenje la laimu. Anapempha ndi kulandira kwa mafumu chilolezo chowombola anzawo a m'bungwe mu ukapolo, ndipo ankatengera eni akapolo kubwalo la milandu, mpaka eni akapolowo anayamba kudandaula. Mabungwe otere anafalikira ku Portugal, ku Angola ndi ku Brazil, ndipo ena a ku Brazil alipobe. Ku tchalitchi cha Graça, pa chitunda china cha mzindawu, kuli guwa la Amayi Maria a Korona lokhala ndi zifanizo za oyera anayi akuda.

Mayina a anthu a m'bungwe limeneli sali pa chipilala chilichonse. Koma ngati tifunsa kuti ndani anamvetsa bwino Mthenga Wabwino mu Lisbon wa zaka zimenezo, mwana wa mfumu wa pa kavalo uja kapena mayi wotunga madzi amene ankasunga kandalama kowombolera mnzake, yankho silivuta.

Tibwerere kwathu

Mpingo umene tili nawo lero unayamba mu Julayi 1901, pamene ansembe atatu a chipani cha Montfort anafika ku Nzama, m'boma la Ntcheu, ndipo a White Fathers anabweranso mu 1902 nakhazikika ku Mua ndi malo ena. Nawonso anali ndi zofooka zawo, ndipo anagwira ntchito pansi pa atsamunda achingerezi. Kusiyana kwake n'kwakuti anaphunzira chinenero chathu, naphunzitsa aphunzitsi ndi akatekisiti a m'midzi, amene anayenda pansi kufikitsa mapemphero kumene wansembe ankafika kamodzi pa miyezi ingapo. Mu 1937 Cornelio Chitsulo anadzozedwa kukhala wansembe woyamba wa m'dziko muno, ndipo patapita zaka 20 anali episkopi wa ku Dedza. Pa 8 Malichi 1992 maepiskopi athu anatha kulemba kalata yodzudzula boma la chipani chimodzi, nawerengetsa m'matchalitchi onse, chifukwa Mpingo unali utaima pa mapewa a akhristu ake, osati m'chombo cha wolamulira.

Nkhaniyi ikutisiyira ntchito zitatu. Yoyamba ndi kudzidalira. Chopereka ndi mtulo wa mkhristu wamba ndizo zimagula ufulu wa guwa. Tikamasangalala ndi envulopu yonenepa ya wandale pa tsiku losonkhetsa ndalama za chitukuko, tizikumbukira padroado ndi belu la ku Zumbo. Yachiwiri ndi kulemba mbiri ya parishi yathu. M'mphakati uliwonse, achinyamata apite kwa agogo kukafunsa amene anaumba njerwa za tchalitchi choyamba, katekisiti woyamba, ndi amayi amene ankaphikira omanga, kuti mayinawo asatayike monga anatayikira a ku Lisbon. Yachitatu ndi kukhala maso. Kugulitsa anthu sikunathe. Lero kumabwera ndi malonjezo a ntchito yabwino kunja, ndipo pasipoti imalandidwa munthu akangofika. Kuyambira mu 2015 Mpingo umapempherera ogulitsidwa pa 8 Febuluwale, tsiku la Josephine Bakhita Woyera, amene naye anali kapolo. Tsikuli tilikonzekere monga gulu, ndipo mnzathu akauzidwa za ntchito yotere, tithandizane naye kufufuza asananyamuke.

Pa korona ya sabata ino, chigawo chimodzi tichipereke kwa makolo athu amene anatengedwa m'magoli, amene manda awo sadziwika. Ambuye awapatse mpumulo wosatha, ndipo ife atipatse Mpingo wolimba mtima ndi waufulu.